ZIWENGO ZOBWERA NDI THUKUTA

Inu amene mumakhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhata Bay mukudziwa m'mene kumatenthera m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Munthu akangokwera chitunda kuchokera kudoko, malaya onse amanyowa. Kwa anthu ambiri thukuta lotere silibweretsa vuto lina koposa ludzu. Koma alipo ena pakati pathu amene thukuta likangoyamba, thupi lonse limayabwa ngati akhudza chitedze, ndipo pakhungu pamatuluka tiziphuphu tambirimbiri. Phunziro lino likunena za anthu amenewa, ndi za chithandizo chimene angapeze.

Pa ntchito yanga yoyendera misika ndi malo ophikira zakudya ndinakumana ndi mnyamata wina amene ankanyamula katundu padoko sitima ya Ilala ikafika. Anali atasiya ntchitoyo kwa miyezi ingapo. Akasenza matumba awiri kapena atatu, pachifuwa, pakhosi ndi m'mikono pamadzaza ziwengo, iye n'kukhala pansi kumadzikanda. Anzake ankamusala poganiza kuti ndi mphere, ena ankanong'onezana kuti ndi matenda a kachirombo, ndipo kwawo anali atamutema mphini poti walodzedwa. Kuchipatala anapitako kawiri, koma nthawi zonse ankafika m'mawa kukali kozizira, khungu lili see, osakhala ndi choonetsa. Ichi ndicho chimasokoneza ambiri pa matendawa: amabwera mwadzidzidzi ndi kuchoka osasiya chipsera.

Kodi matendawa mungawazindikire bwanji?

Tiziphuphu take n'tating'ono kwambiri, mamilimita 1 mpaka 3, pafupifupi ngati njere za mawere. Timatuluka patangopita mphindi zochepa thupi litayamba kutentha, ndipo kawirikawiri timazimirira pasanathe ola limodzi munthuyo akapuma pamthunzi. Timakonda pachifuwa, kumsana, pakhosi ndi m'mikono. M'manja ndi kumapazi sitipezekako kawirikawiri. Ena amamva kuyabwa, ena amamva ngati akubayidwa ndi singano. Mabuku ambiri amanena kuti khungu limafiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, motero muziyang'ana kutupa, osati mtundu wa khungu. Amene amadwala kwambiri ndi achinyamata ndi anthu a zaka za m'ma 20. Ziwengo zikamabwerabwera kopitirira milungu 6, a chipatala amati ndi zokhalitsa, ndipo zimafuna chithandizo cha tsiku ndi tsiku.

Madokotala amawatcha matendawa cholinergic urticaria. Woyamba kuwalongosola anali dokotala wa ku America, W. W. Duke, mu 1924. Chimachitika n'chakuti thupi likatentha, ubongo umatumiza uthenga kudzera m'mitsempha kuti thukuta lituluke. Mwa anthu ena, pa nthawi yomweyo timaselo tina ta m'khungu timatulutsa madzi otchedwa histamine, ndipo madzi amenewa ndiwo amatupitsa khungu ndi kuliyabwitsa. Akatswiri a ku Japan anapeza kuti mwa odwala ena thupi limadana ndi thukuta lawo lomwe. Tsono chilichonse chotulutsa thukuta chingathe kudzutsa ziwengozi: kulima, kupalasa bwato, kusewera mpira, kusamba madzi otentha, kumwa tiyi wowotcha, kudya ndiwo za tsabola wambiri. Amayi ena zimawayamba akamavundula kondowole pamoto m'khitchini yopanda mazenera. Nkhawa, mantha ndi mkwiyo nazonso zimatulutsa thukuta, n'chifukwa chake mwana wa sukulu angatuluke ziwengo ali chikhalire m'chipinda cholembera mayeso. Musamunene kuti akunamizira.

Dziwani ichi ndipo muuzeko anzanu: matendawa sapatsirana. Mungathe kudyera mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi ndi kubwerekana zovala popanda choopsa. Ndiponso paokha si chizindikiro cha kachirombo ka HIV.

Zina zimene zimafanana nazo

Si kuyabwa konse kumene kuli ziwengo za thukuta. Mphere zimayabwa kwambiri usiku, zimakonda pakati pa zala ndi m'chiuno, ndipo zimagwira banja lonse. Zidzolo za kutentha zimene zimatuluka pa makanda ofunditsidwa kwambiri zimakhala masiku angapo. Ife a kunyanja tiyenera kukumbukiranso likodzo. Tizirombo take tikamalowa pakhungu munthu angamve kuyabwa atangovuuka m'madzi, ndipo patapita milungu ingapo angatuluke ziwengo pamodzi ndi kutentha thupi ndi chifuwa. Njoka za m'mimba nazo nthawi zina zimabweretsa ziwengo. Kaamba ka ichi musadabwe a chipatala akafuna kuyeza mkodzo ndi chimbudzi. Likodzo lili ndi mankhwala ake, praziquantel, ndipo njoka zili ndi ake.

Pali mtundu umodzi umene simuyenera kuuzengereza. Ngati zidzolo zayamba mutangoyamba kumwa mankhwala atsopano, monga Bactrim, ndipo m'kamwa kapena m'maso mwatuluka zilonda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga mankhwalawo. Zimenezo si ziwengo za thukuta ayi.

Njira yosavuta yosiyanitsira ndi iyi. Tengani cholembera muzungulize kachiphuphu kamodzi. Ngati mawa lake m'kati mwa mzerewo mulibe kanthu, ndiye kuti ndi ziwengo. Ngati inu kapena mbale wanu muli ndi foni yojambula, jambulani khungulo pamene latupa. Chithunzi chimenecho ndicho chinathandiza mnyamata wa kudoko uja pa ulendo wake wachitatu.

Mankhwala othandiza

Mankhwala oyambirira ndi mapiritsi oletsa mphamvu ya histamine. Ambiri a inu mukudziwa Piriton. Amathandiza ndithu, koma amabweretsa tulo ndi kufooketsa maganizo, ndipo mphamvu yake simakhalitsa. Ndikunena izi motsindika chifukwa cha ntchito za kuno kwathu. Msodzi amene wamwa Piriton n'kulowa m'bwato usiku kukapha usipa akuika moyo wake pachiswe, chimodzimodzi woyendetsa minibasi pa mapiri okhotakhota a msewu wa ku Mzuzu. Akaphatikiza ndi mowa tulo lake limaposa apo.

Mankhwala amene madokotala amasankha masiku ano ndi cetirizine kapena loratadine, piritsi limodzi la mamiligalamu 10 pa tsiku kwa munthu wamkulu. Amenewa sagonetsa kwambiri, ngakhale cetirizine amalemetsa m'maso mwa anthu ena. Otere angamwe madzulo. Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: amadikira kuti ziwengo zituluke kenaka n'kumwa piritsi. Pofika nthawi imene piritsilo liyamba kugwira ntchito, ziwengo zimakhala zitatha zokha, ndipo mawa lake zimabweranso, munthu n'kumati mankhwalawa ngachabe. Ntchito ya mankhwalawa ndi kutchinjiriza. Amwedwe tsiku lililonse pa nthawi imodzimodzi, kaya khungu latupa kaya ayi. Amene zimawavuta mwa apo ndi apo angauzidwe kumwa kutatsala ola limodzi kuti ayambe ntchito yotulutsa thukuta.

Mukamwa kwa milungu 2 mpaka 4 osaona kusintha, bwererani kwa amene anakulemberani. Dokotala angathe kuwonjezera mlingo pang'onopang'ono, ngakhale mpaka kanayi, ndipo odwala ena amene sanathandizidwe ndi piritsi limodzi amapeza bwino pamenepo. Koma kuwonjezerako ndi kwa dokotala, osati kwa inu kapena wogulitsa mankhwala pamsika. Ana amapatsidwa mlingo wochepa malinga ndi msinkhu wawo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndiponso odwala impso kapena chiwindi, anene zimenezi asanalandire mankhwala.

Chenjerani ndi prednisolone. Amachotsa ziwengo mofulumira, ndipo kaamba ka ichi anthu amamukonda n'kumagula okha mwezi ndi mwezi. Dokotala angamupereke kwa masiku ochepa matenda akakula, koma akamwedwa nthawi yaitali amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafooketsa mafupa ndi kuchepetsa chitetezo cha thupi ku matenda monga chifuwa chachikulu. Ngati mwakhala mukumwa kwa milungu yambiri musasiye mwadzidzidzi. Pitani akakuuzeni kasiyidwe kake. Mafuta odzola okhala ndi mankhwala a mtundu womwewu, kuphatikizapo aja oyeretsa khungu, sathandiza pa ziwengozi, amangopyapyalitsa khungu. Asipirini, Brufen ndi diclofenac amakulitsa ziwengo mwa anthu ena. Mutu ukawawa ndi bwino kumwa Panado.

Kwa ochepa amene mapiritsi alephera, chipatala cha boma cha Nkhata Bay chingathe kuwatumiza ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. M'maiko ena muli jekeseni wotchedwa omalizumab, amene anavomerezedwa mu 2014 pa ziwengo zokhalitsa zobwera popanda chozidzutsa, ndipo wathandizanso ena a ziwengo za thukuta. Mtengo wake ngwokwera kwambiri. Ndamutchula kuti mudziwe kuti alipo, koma ambiri safika pomufuna.

Zimene mungachite pakhomo

Sindingakuuzeni kuti musamatuluke thukuta, pakuti pano palibe amene angadye osatuluka thukuta. Koma ntchito yolemetsa ichitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Valani zovala zopepuka za thonje, osati za nayiloni zothina. Sambani madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Phikirani pamalo popita mphepo, ndipo phala ndi tiyi muziyamba mwaziziritsa. Mowa uchepe. Mukamva kuyabwa kukuyamba, imani, khalani pamthunzi ndi kupukuta thupi ndi nsalu yonyowa. Kudziponya m'nyanja kumaoneka kwapafupi, koma kumbukirani likodzo, ndiponso munthu amene akumva chizungulire asalowe m'madzi.

Masewero musawasiyiretu. Ena amaona kuti akamatulutsa thukuta pang'ono tsiku lililonse, ziwengo zimachepa mphamvu. Koma zimenezi muyambe mwakambirana ndi a chipatala, ndipo musayese konse ngati munakomokapo kapena kubanika. Mwa anthu ambiri matendawa amanka nachepa zaka zikamapita, ena n'kutheratu.

Pamene muyenera kuthamangira kuchipatala

Mwa anthu ochepa ziwengozi sizithera pakhungu. Mukaona milomo, lilime kapena zikope zikutupa, mawu akusasa, mpweya ukubanika, munthu akusanza, akumva chizungulire kapena wakomoka, musadikire kuti zitha zokha monga masiku onse. Piritsi silingathandize pamenepo. Chofunika ndi jekeseni wa adrenaline, ndipo amapezeka kuchipatala. Mugonekeni chagada miyendo itakwezedwa, kapena akhale tsonga ngati kupuma kukuvuta, ndipo musamuyendetse pansi; pezani galimoto kapena machira. Alipo ena amene zimawachitikira akagwira ntchito yolemetsa atangodya chakudya china, makamaka cha tirigu monga buledi ndi mandasi. Wotere akauze dokotala chimene anadya, ndipo asamapite yekha kumunda wakutali kapena panyanja.

Popita kuchipatala tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa ngakhale azitsamba, ndi chithunzi cha khungu ngati chilipo. Kwa milungu iwiri musanapite, lembani pakapepala tsiku limene ziwengo zatuluka, chimene munkachita, chimene munadya ndi mphindi zimene zinatenga kuti zithe. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni, kapena mupemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.