Azakhali: Mwana wanga wa ku Chanco sakuyankha foni

Azakhali,

Mnyamata wanga ali chaka chachiwiri ku UNIMA, ku Zomba. Anakhoza bwino MSCE, mudzi wonse unavina. Koma masiku ano ndikamuimbira sayankha, pa WhatsApp amangoti "zili bho". Mnzake wanditsina khutu kuti ali ndi masapu awiri, ndipo masiku ena sadzuka n'komwe. Ine ndinagulitsa mbuzi kuti aphunzire. Ndisiye kumutumizira ndalama kuti achangamuke?

Bambo wothedwa nzeru, Kasungu

Bambo a ku Kasungu,

Ha! Ndiye njalayo ikamulembere mayeso? Khalani pansi kaye, mumwe madzi.

Mukamuimbira mumayamba ndi mawu ati? Musandinamize, abambo inu ndimakudziwani. "Mayeso bwanji?" Akati apume, mwayamba za mbuzi. Mbuzizo zinadyedwa kalekale, zikopa anakungira ng'oma, koma inu Lamlungu lililonse mukuziwerengabe. Mwana akaona dzina lanu pafoni amamva "meee". Angayankhe ndani?

Nanga tsiku lomwe a NCHE anatulutsa mayina, si inu amene munayamba kumutchula "loya wathu" kumsika ndi pamaliro pomwe? Kwanuko anali nambala wani. Ku Chanco anakapeza kalasi yonse ndi ya manambala wani okhaokha, ndipo wina ayenera kukhala kumunsi. Sapu si kuchotsedwa sukulu, ndi mwayi wolembanso phunziro lomwe lamugwetsa. Chimene ana amaopa ndi kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu kumene, ndipo choopsa koposa ndi kutsika basi pa Kasungu, chikwama kumsana, inu mukumuyang'ana.

Kodi mukudziwa kumene amagona? Ambiri malo a m'mahostelo sawapeza, amachita lendi ku Chikanda. Ngongole ya ophunzira ija si onse amene amaipeza. Mwina "zili bho" wakeyo amalemba m'mimba muli madzi okha.

Mawa muimbe, mufunse kuti, "Wadya chiyani lero?" Mukatero tsekani pakamwa. Ndikudziwa, kwa inu imeneyo ndi ntchito yolemetsa kuposa kusoka fodya. Akakhala chete, musadzazepo ndi ulaliki, mudikireni. Kenako mumuuze poyera: "Za masapu ndamva, sindinakwiye. Zikavuta bwanji, pakhomo pano ndi pako." Mnzake uja musamutchule. Nkhaniyi isalowe pagulupu ya banja, ndipo musakaime nayo kutchalitchi ngati chopempherera, dzina ndi dzina. Akasankha kumasukira mayi ake kapena amalume ake, musachite nsanje; chachikulu n'chakuti walankhula.

Apa tsono ndasiya kuseka. Kusadzukako kwandidetsa nkhawa. Mnyamata amene wasiya kudya, kusamba, kucheza ndi anzake, kapena amene tulo tamuthawa, musathamangire kumunena ulesi kapena chamba. Kukhoza kukhala kudwala maganizo, ndipo kumachizika. Zoti "mwamuna salira" muzisiye ku Kasungu komweko. Mangani ufa ndi mtedza, mukwere basi, mukamuone ndi maso. Mukapite naye ku ofesi yoona za ophunzira ndi kuchipatala cha pasukulupo. Ku Zomba komweko kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God amathandiza ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mukamva mawu ngati "bola kufa", mumufunse mosapsatira ngati waganizapo zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndalama ya mwezi uno tumizani lero, pa Mpamba kapena Airtel Money, popanda uthenga wa mbuzi.

Ndipo mukakafika kuchipinda kwakeko n'kupeza mbale zosatsuka, ndi mtsikana wina akumuphikira bonya, mukapereke moni basi. Imeneyo mudzandilembere kalata yake payokha.

Ndine wanu,
Azakhali