Phunziro la Zaumoyo: Ulendo wa Kumapiri ndi Galu Wanu

Muliwerenge modekha, ndipo mukamaliza muwerengerenso anzanu amene satha kuwerenga.

Tonse tikudziwa mmene mzinda wathu wa Tete umatenthera. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, moti ngakhale usiku tulo timavuta. N'chifukwa chake mabanja ambiri a kuno ku Canongola, ku Matundo ndi ku Chingodzi akapeza mpata amapita kumtunda kukapumako mphepo yabwino. Ena amapita ku Songo, tauni ya pamapiri yomwe ili pamwamba pa damu la Cahora Bassa, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera kuno. Ena amawoloka Zambezi, kudutsa Moatize, n'kukhota pa Mussacama kupita kwa abale ku Ulongwe ndi ku Domue m'boma la Angónia. Enanso amapitirira mpaka pachipata cha Calómuè kulowa ku Dedza m'dziko la Malawi, kumene kuli phiri lalitali mamita 2,198.

Pa maulendo amenewa ena amatenga galu wawo. Zifukwa zake n'zomveka: pakhomo palibe womusamala, ana amamukonda, ndiponso amathandiza ulonda ndi kuperekeza pokwera phiri. Kuyenda ndi galu sikoipa ayi. Koma phunziro lathu likunena chinthu chimodzi chachikulu, chakuti galu amene sanabayidwe katemera wa chiwewe asapite pa ulendo, chifukwa angathe kubwera ndi imfa pakhomo.

Kodi chiwewe n'chiyani?

Chiwewe ndi matenda oyamba ndi kachilombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Nyamayo ikaluma munthu, kumukanda, kapena kunyambita pachilonda, m'maso ngakhalenso pakamwa, kachilomboka kamalowa m'thupi. Sikayenda ndi magazi ngati malungo. Kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Nthawi zambiri pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti munthu ayambe kudwala, koma nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zinanso mpaka chaka. Bala likakhala pankhope, pakhosi kapena pamutu matendawa amafulumira, popeza ubongo uli pafupi.

Munthu akayamba kudwala amamva mutu ndi kutentha thupi, pamene analumidwa paja pamayabwa kapena kuchita dzanzi ngakhale bala linapola kale. Kenako amasokonezeka, amatuluka dovu, amaopa madzi ngakhale ali ndi ludzu, amaopanso kamphepo kakamuomba kumaso. Zizindikirozi zikaoneka, palibe mankhwala ochiza, kuchipatala kapena kwa sing'anga. Pafupifupi aliyense wofika pamenepa amamwalira m'masiku ochepa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri a iwo muno mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu. Mwa anthu 10 amene amafa, anayi amakhala ana osafika zaka 15. Ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndi afupi msinkhu kotero amalumidwa kumaso, komanso amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Matendawa sali kutali nafe. M'chaka cha 2014 chiwewe chinapha anthu m'mizinda ya Maputo ndi Matola. Ku Blantyre, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth analemba m'chaka cha 2007 kuti ana ena amene anamwalira akuganiziridwa kuti akudwala malungo a mu ubongo, atapimidwa anapezeka kuti chinali chiwewe. Choncho imfa zina za chiwewe zimadutsa osadziwika.

N'chifukwa chiyani ulendo uli woopsa?

Pakhomo galu wanu mumadziwa kumene amayenda. Kumapiri amakumana ndi agalu achilendo a m'midzi, agalu a alenje, ndiponso nyama zakutchire monga nkhandwe ndi afisi, zomwe nazonso zimadwala chiwewe. Galu mlendo akafika pamudzi, agalu a pamenepo amamuthamangira, ndipo ndewu sichedwa. Kabala kakang'ono kobisika mu ubweya n'kokwanira.

Choopsa kwambiri n'chakuti galu wolumidwayo amabwera kunyumba ali bwinobwino. Amadya, amasewera, amagona pakhonde monga mwa masiku onse. Patapita milungu kapena miyezi, aliyense ataiwala za ulendo uja, m'pamene amayamba kudwala, ali pakati pa ana anu ndi ana a anansi anu.

Mbali ina nayonso tisaiiwale. Galu wanu wosabayidwa angathe kutenga matendawa kuno kumzinda n'kukawasiya kumudzi, kumene chipatala chili kutali ndipo katemera wa anthu savuta kusowa. Simungakonde kuti abale anu akakumbukire ulendo wanu ndi maliro.

Zoyenera kuchita musananyamuke

1. Kabayitseni galu wanu katemera wa chiwewe. Funsani kwa alangizi a ziweto ku maofesi a boma a zaulimi, kapena ku ofesi ya SDAE ngati muli kuboma. Mwana wagalu amayamba kubayidwa akakwana miyezi itatu, ndipo katemerayu muzibwereza chaka ndi chaka.

2. Musabayitse lero n'kunyamuka mawa. Thupi la galu limafuna nthawi kuti lipange chitetezo. Bayitsani kukadali mwezi wathunthu ulendo usanafike.

3. Sungani khadi la katemera ndipo mulitenge pa ulendo. Galu wanu akaluma munthu kumeneko, khadilo ndilo lidzakulankhulirani.

4. Ngati mukufuna kudutsa malire pa Calómuè kapena pa Zóbuè, dziwani kuti nyama siidutsa popanda zikalata za dokotala wa ziweto ndi chilolezo cha dziko limene mukulowalo. Funsani kukadali nthawi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuzembetsa galu podutsa njira zachidule ndi mlandu, komanso ndi njira imodzi imene matenda amawolokera malire.

5. Konzani chingwe kapena unyolo wolimba, mbale yake ya madzi, chigubu cha madzi ndi sopo. Sopoyo musamuiwale, chifukwa chake muchiona m'munsimu.

6. Galu wodwala, wa bere, wokalamba kwambiri kapena wolusa asapite. Pezani munthu wodalirika amusamale pakhomo.

Panjira

Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma wefuwefu, motero kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kungathe kumupha msanga. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Musamutsekere m'buti ya galimoto, m'thumba kapena m'galimoto yoima yotseka mawindo. Ngati muli kumbuyo kwa lole, mumangeni chingwe chachifupi kuti asadumphe, ndipo muyalireni chiguduli chifukwa chitsulo chimaotcha mapazi. Ngati mukukwera chapa, gwirizanani kaye ndi oyendetsa ndi anzanu apaulendo, ndipo galuyo akhale m'bokosi lolowa mpweya.

Muzimupatsa madzi pafupipafupi. Mukaona kuti akupuma movutika, akudzandira kapena akusanza, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira pamimba ndi m'miyendo, n'kumupatsa madzi akumwa pang'onopang'ono.

Musagule kapena kulandira ana agalu a m'mbali mwa msewu amene simukudziwa kumene achokera. Kagalu kokongola nakonso kamadwala chiwewe, ndipo ndiko kamene ana amakanyamula n'kumakapsompsona.

Mukafika kumapiri

Galu akhale pachingwe nthawi zonse pamene mukuyenda m'mudzi, pamsika kapena pokwera phiri. Usiku mutsekereni, popeza usiku ndi pamene agalu oyendayenda, nkhandwe ndi afisi amafika pafupi ndi nyumba. Musamulole kuthamangitsa anyani, chifukwa nyani wamkulu amang'amba galu. Musamulolenso kudya nyama yofa yokha.

Ngati mwatsikira kunyanja ya Cahora Bassa, galu ndi ana asasewere m'mphepete mwa madzi. M'madzi amenewa muli ng'ona ndi mvuu, ndipo ng'ona imagwira galu mosavuta. Malo otetezedwa a nyama, monga paki ya Mágoè imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2013, si malo opita ndi galu. Matenda a agalu athu amaphanso nyama zakutchire monga mimbulu.

Madzulo aliwonse funafunani nkhupakupa m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala za galu. Zichotseni pogwira pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono, osaziphwanya ndi zala, kenako sambani m'manja. Nkhupakupa zimadwalitsa galu, amafooka ndipo nkhama zake zimayera. Zina zimalumanso anthu n'kuyambitsa kutentha thupi kofanana ndi malungo. Chimbudzi cha galu muzichikwirira, chifukwa chimakhala ndi mazira a njoka zam'mimba zimene ana amatenga posewera pa dothi.

Kumudziwa galu wachiwewe

Aphunzitseni ana anu zizindikiro izi. Galu wina amalusa mwadzidzidzi, amaluma chilichonse ngakhale mitengo ndi miyala, amayenda mosokonezeka, mawu ake pouwa amasintha. Wina salusa konse. Amangokhala duu, chibwano chili pansi, dovu likuchucha, miyendo yam'mbuyo ikufooka. Galu wotereyu amaoneka ngati watsamwa ndi fupa, ndipo anthu ambiri atenga matendawa polowetsa dzanja m'kamwa mwake kuti amuthandize. Musayerekeze kutero. Nkhandwe yobwera pamudzi masana yosaopa anthu nayonso muikayikire. Lowetsani ana m'nyumba ndipo dziwitsani a mfumu, a sekeretale a dera kapena alangizi a ziweto.

Munthu akalumidwa

1. Tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Yang'anani pa wotchi kapena pa foni, chifukwa mphindi 15 n'zambiri kuposa mmene timaganizira. Sopo amaononga kachilomboka.

2. Musaikepo tsabola, phulusa, dothi, mafuta a galimoto kapena ubweya wootcha wa galu wolumayo. Zimenezi sizipha kachilombo, zimangoipitsa bala. Musamangenso balalo mothina.

3. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Musadikire kuti ulendo uthe. Ngati pachipatala chaching'ono palibe katemera, pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma la komweko kapena ku chipatala chachikulu cha kuno ku Tete.

4. Katemerayu sabaya kamodzi kokha. Amabaya tsiku loyamba, patapita masiku atatu, patapita masiku 7, ndiponso masiku ena monga achipatala angakuuzireni. Malizani onse. Amayi oyembekezera ndi makanda nawonso amalandira popanda vuto. Funsaninso za katemera wa kafumbata.

5. Ngati galu wolumayo akudziwika, amangidwe pamalo abwino, azipatsidwa chakudya ndi madzi, ndipo aonedwe kwa masiku 10. Akadwala, akafa kapena akasowa, uzani achipatala msanga. Koma wolumidwayo asadikire masiku amenewa ali pakhomo.

Ngati ndi galu wanu amene walumidwa ndi galu wachilendo kapena nyama yakutchire, valani mapepala apulasitiki m'manja, tsukani balalo ndi sopo, mumangireni kutali ndi ana, ndipo kaonaneni ndi alangizi a ziweto ngakhale anabayidwa kale.

Chiwewe chingathe

Katemerayu si wachilendo. Pa 6 Julayi 1885 katswiri wa ku France, Louis Pasteur, anabayitsa mnyamata wa zaka 9 dzina lake Joseph Meister amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Pasteur anamwalira pa 28 Seputembala 1895, ndipo dziko lonse limakumbukira za chiwewe pa 28 Seputembala chaka chilichonse.

Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa agalu 10 aliwonse a m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa njira ndipo amatha. Anzathu a ku Blantyre anaonetsa kuti n'zotheka. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi boma la Malawi anabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 okha. Mabungwe a padziko lonse anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Ntchito imeneyi imayambira pakhomo panu ndi panga. Walira mvula walira matope: amene wafuna galu wafunanso udindo womubayitsa.

Mafunso okambirana m'magulu a omvera

1. Kodi agalu a m'dera lathu anabayidwa liti komaliza? Ndani ali ndi khadi?

2. Kodi ana athu akudziwa kuti akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu ayenera kunena msanga, ndipo sadzamenyedwa?

3. Kodi kumene timakonda kupita kutchuthi, chipatala chapafupi chili kuti?

Kambiranani mafunsowa ndipo mutitumizire maganizo anu kuno ku wailesi yanu kuti tidzawawerenge m'pologalamu ya zaumoyo. Amene mukukonza ulendo wa ku Songo, ku Angónia kapena ku Dedza, yambani ndi katemera wa galu, kenako tikiti. Muyende bwino, ndipo mukawapatse moni abale onse kumeneko.