KUPIMA NAMBALA YAIKURU

Anzanga, pa kalembera wa 2018 anapeza anthu 1,148,611 m'boma lathu lino la Mangochi, ndi anthu 17,563,749 m'Malawi monse. Ambiri tikaona nambala zotere timangoti kukamwa yasa. Komatu msodzi sayamba watumbula nsomba kuti adziwe ngati ndi cambo kapena kampango. Amaizindikira ndi maonekedwe ace. Nambala nazonso ziri ndi zizindikiro zace.

Tiyambe ndi ya Mangochi. Ikuthera 1, motero ndi odd, ndipo 2 kapena 5 sangaigawe popanda cotsala. Tikaonkhetsa 1, 1, 4, 8, 6, 1 ndi 1 tipeza 22. Popeza 3 salowa bwino mu 22, salowanso bwino m'nambala yonseyo.

Nanga 7, 11 ndi 13? Apa pali njira yacidule. Dulani nambalayo m'magulu atatuatatu kuyambira ku dzanja lamanja: 611, 148, 1. Pa gulu loyamba cotsanipo laciwiri, kenaka onjezanipo lacitatu: 611 − 148 + 1 = 464. Tsono gawani 464 yekhayo. Ndi 7 patsala 2, ndi 11 patsala 2, ndi 13 patsala 9. Zotsalazi ndi zomwezo zimene mukadapeza mutacita masamu onse atali aja.

Si matsenga ai. Cinsinsi cace ndi cakuti 7 × 11 × 13 = 1,001. Cikwi ciri conse cimaperewera 1 kuti cikwane 1,001, ndiye cifukwa cace timacotsa 148. Miliyoni imaposa 999 × 1,001 ndi 1, ndiye cifukwa cace timaonjeza.

Tiyese ya dziko lonse. Manambala ace tikawaonkhetsa tipeza 42, motero 3 alowa. Ndiponso 749 − 563 + 17 = 203, amene ali 7 × 29, motero 7 alowanso. Basi tadziwa kuti nambalayi ndi composite: 3 × 7 × 836,369.

Koma cenjerani! Musafulumire kunena kuti ya Mangochi ndi prime cifukwa yakana nambala zazing'onozi. Pa mayeso ambiri amataya malikisi pa 91 yemwe, amene amakana 2, 3 ndi 5, cikhalireco ali 7 × 13. Lamulo ndi ili: yesani ma prime onse mpaka pa square root. Popeza 1,072 × 1,072 = 1,149,184, nambala yoposa yathuyi, tilekezera pa 1,071. Ma prime ofika pamenepo alipo 180, ndipo asanu ndi mmodzi tawayesa kale.

Otsalawo ndikusiyirani inu. Mutu umodzi susenza denga. Agawaneni m'kalasi mwanu madzulo pa nthawi yowerenga, ndipo yankho lanu mulipereke kwa Mkonzi kuti lidzatuluke m'magazini yotsatira.

Wa m'Fomu 4