Phunziro 17: Mpweya ndi thumba la chimanga

Wina akatsekula botolo la parafini pakhomo, amene wakhala kuchipinda amamva fungo. Mphepo palibe, komatu fungo lafika. Walinyamula ndani?

Palibe amene walinyamula. Layenda lokha. Mpweya uli ndi tizidutswa ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Sitikhala chete ayi. Timathamanga ndi kugundana usana ndi usiku. Timachoka pamene tachuluka n'kumafalikira pamene tachepa. Pa Chipwitikizi kuyenda kumeneku amati difusão, ndipo akatswiri a m'mafakitale amakuwerengera akamapanga feteleza ndi mankhwala.

M'chaka cha 1855 Adolf Fick, wa ku Germany, anayesa ndi mchere m'madzi nalemba lamulo lake. Lamulolo limagwiranso pa mpweya. Mbali ina kukachuluka kwambiri, ina kukachepa kwambiri, tizidutswa timaoloka msanga. Chotchinga chikakhala chochindikala, timaoloka pang'onopang'ono.

Tsono ife alimi a ku Fonte Boa, zimenezi zitithandiza chiyani? Zitithandiza pa nkhani ya anankafumbwe.

Nankafumbwe amapuma monga ife. Amafuna okosijeni, amene ali magawo 21 pa magawo 100 a mpweya umene tipumawu. M'nkhokwe kapena m'thumba wamba, nankafumbwe akamaliza okosijeni wa pafupi naye, wina amalowa yekha kudzera m'timipata. Mkati wachepa, kunja wachuluka, ndiye amangolowa. Kachilomboko kamadya, kamaswana, ndipo pofika Novembala tikapisa dzanja m'thumba timatulutsa fumbi.

Pali matumba otseka mpweya. Odziwika kwambiri ndi a PICS, amene anachokera ku sukulu ya ukachenjede ya Purdue ku America. Anayamba kuwafalitsa kwa alimi a khobwe kumadzulo kwa Africa m'chaka cha 2007, ndipo pambuyo pake anaona kuti amasunganso chimanga ndi nyemba. Thumba limeneli lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Tikalimanga bwino, anankafumbwe amamaliza okosijeni wa mkatimo, ndipo wina salowa wokwanira. Amaleka kudya, amaleka kuikira mazira, kenaka amafa. Mankhwala sitinathiremo ndi pang'ono pomwe.

Mapulasitiki awiri achifukwa chiyani? Ena amati n'kuononga, amachotsa imodzi kuti asungiremo zina. Kumeneko n'kudzibera wekha. Ngakhale pulasitiki yopanda boo imalola okosijeni pang'ono kudutsa. Yachiwiri imachedwetsa wodutsayo, monga ananenera Fick. Ndiponso imodzi ikabooka, inzake imatchinga.

Tisanathire, chimanga chiume ndithu. Kuno ku mapiri a Angónia mwezi wa Juni kumazizira, nkhungu imachedwa kuchoka, ndipo chimanga chimanyenga. Tiyese ndi mchere. Tiike mchere wouma ndi chimanga pang'ono m'botolo louma, titseke, tikhutchumule, tidikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga chibwerere padzuwa. Chachinyezi chikatsekeredwa chimasasa, ndipo mbewu yake simera bwino.

Pulasitiki iliyonse tiidzaze mpweya, tigwire kukamwa, tiipsinje. Ikaphwa, ndiye kuti ili ndi boo. Tikathira chimanga tifinye mpweya wotsala pamwamba, tipotokole kukamwa, tipinde, timange. Yamkati payokha, yachiwiri payokha, saka payokha. Thumba likhale pa matabwa, losagunda khoma, kutali ndi makoswe.

Chovuta n'chakuti dzanja limayabwa. Tikatsekula kuti tingoona, okosijeni amabwerera yense. Choncho mu koperativa tipangane: matumba odya tsopano akhale pawokha, otseka adikire Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zaphwa ndipo mtengo wa chimanga wakwera.

Lamulo lomweli lingathe kutipha. Mapilitsi ofukizira chimanga amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine. Umadutsa m'thumba wamba n'kufalikira m'nyumba monga fungo la parafini lija. Tisawaike m'nyumba mogona anthu. Ntchito imeneyo ndi ya anthu amene anaiphunzira.

Tiyankhe m'makope athu:

1. Okosijeni amalowa bwanji m'thumba wamba?
2. Koperativa yakolola matumba 60. Matumba 25 adyedwa Disembala asanathe. Otseka akhale angati?