Musanagule, yambani mwasuzumira kumbuyo kwa kompyuta

Anzanga, mwezi watha ndalama za utaka za kwathu zinatsala pang'ono kumira, osati m'nyanja koma pa foni.

Achimwene anga ndi msodzi. Chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa mu Epulo amakasodza kumeneko. Mfumu Makanjira ikachitseka mu Disembala amabwerera ku Chikombe n'kumabena nyimbo pa kompyuta yawo ya patebulo yoyendera sola. Ndalama zimene amasunga ndi zomwe zimandigulira makope, yunifolomu ndi matayala a njinga imene ndimabwerera kuno.

Tsiku lina mnzawo wa ku Johannesburg anawatumizira pa WhatsApp chithunzi cha magalasi a AR a kampani ya XREAL. Ukawavala umaonabe zimene zili patsogolo pako, koma chithunzi cha kompyuta chimaoneka ngati sikirini yaikulu yoyandama m'malere. Achimwene anakomedwa. "Iwe, iyi ndi bizinesi! Anthu azilipira kuti aoneremo filimu. Poti umaphunzira kompyuta, tandiuza, agwira pa yangayi?"

Ndinafunsa aphunzitsi, ndipo izi ndi zimene ndinatolapo.

1. Dziwani chimene chipangizocho chimafuna. Magalasiwa alibe batire. Moto ndi chithunzi zonse zimabwera pa nthambo imodzi ya USB-C, kabowo kakang'ono kobulungira m'mbali ngati ka mafoni atsopano. Msampha uli apa: si USB-C iliyonse imene imatulutsa chithunzi. Ina n'njotchajira ndi kusamutsa mafayilo basi. Yofunika ndi imene ili ndi DisplayPort. Nthawi zina pambali pake amalembapo DP kapena kujambula kamphezi.

2. Tembenuzani kompyuta muwerenge mabowo ake. Bowo la buluu lokhala ndi timabowo 15 ndi VGA, luso lakale la mu 1987. HDMI ndi yopyapyala, makona ake awiri ali ngati odulidwa. USB yamakona anayi ija timalowetsamo fulashi siitulutsa chithunzi cha magalasi amenewa.

3. Samalani ndi adaputa. Ngati kompyuta ili ndi HDMI, ilipo adaputa yotenga chithunzi pamenepo kupita ku USB-C, koma imafuna moto wakewake. Komanso adaputa zambiri zimayenda mbali imodzi ngati madzi a mumtsinje wa Lingadzi: yochoka ku USB-C kupita ku HDMI siingagwire mobwerera m'mbuyo, ngakhale mitu yake ilowe bwinobwino. Kulowa si kugwira.

4. Katundu akachokera ku South Africa, onaninso pulagi. Moto ndi wofanana, mavoti 230, koma mapulagi ambiri a kumeneko ali ndi mano atatu obulungira, pamene masoketi athu amafuna mano atatu amakona.

5. Lembani dzina ndi nambala ya kompyuta yanu, zimene zimakhala pa kapepala komatidwa pa bokosi lake, n'kufananiza ndi zimene opanga chipangizocho analemba. Ngati n'kotheka yesani musanalipire.

Madzulo ake tinatembenuza kompyuta ya achimwene, tochi ya foni ili m'manja. Tinapukuta fumbi ndi ndandaula. Tinapeza VGA imodzi ndi ma USB amakona anayi. HDMI palibe, USB-C ndiye osanena.

Achimwene anakhala duu. Kenako anati, "Ndiye ndikanagula magalasi a dzuwa pa mtengo wa ukonde, eti?" Tinaseka, koma ine mtima unali phaphapha, chifukwa katundu wochokera kutali chonchija ukamubwezera ndani?

Ndalama zija anagulira batire ya sola, zotsala anakonzera ukonde podikira Epulo. Njinga yanga nayo inalandira tayala.

Phunziroli si la magalasi okha ayi. Tchaja, memole khadi, pulinta, sipika, zonse zimafuna funso lomweli: kodi chigwirizana ndi chimene ndili nacho kale? Safunsa anadya phula, anzanga.

Nayi ntchito yanu: mukapeza kompyuta iliyonse, pemphani mwini wake, muitembenuze, mulembe mayina a mabowo amene mwawazindikira. Tidzafananize Lachisanu pa buleki.

Mnzanu wa Fomu 2