Kodi Kavalo wa Mpikisano Akayamba Kufooka Apumule Liti?

Funso limene tifuna kulisanthula m'phunziro lino, anzanga, licokera ku England, dziko limene anthu ace akonda mpikisano wa akavalo monga ife tikondera mpira. Funsolo ndi ili: kavalo amene kale anali kupambana anzace onse, nayamba tsopano kutsalira m'mbuyo, kodi mwini wace amcotse pa mpikisano kuti akapumule, kapena ampatsenso mwai? Pongolimva munthu ayesa kuti nlapafupi. Koma m'caka ca 2011 linagawanitsa akatswiri a masewerawa, ndipo kavalo amene anali kumkanganira dzina lace ndi Kauto Star.

Poyamba tidziwe kuti mipikisano ya akavalo iripo ya mitundu iwiri. Wina ngwa pa bwalo losalala, pamene akavalo angothamanga osalumpha kanthu. Kumeneko funso lathu silibvuta kwenikweni, cifukwa kavalo wamphongo akachuka ali ndi zaka zitatu kapena zinai, eni ace amcotsa msanga kuti azibereketsa, pakuti mbeu yace idzawapatsa ndalama zoposa zimene akadapata pa kuthamanga. Mtundu winawo ngwa kulumpha mipanda. Akavalo ambiri a mpikisano umenewu ngofulidwa, monga ticitira ndi ng'ombe za pa goli, motero sangabereke. Wotere ukamcotsa pa mpikisano sapindulitsanso mwini wace, koma kudya adya ndithu, ndipo kavalo atha kukhala ndi moyo zaka 25 kapena 30. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene akavalo olumpha athamangira kufikira zaka 10, 11, ngakhale 12.

Kauto Star anali wa mtundu waciwiriwu. Anabadwa ku France mu 2000, ndipo Clive Smith atamgula anampereka kwa Paul Nicholls, wophunzitsa akavalo wa pa mudzi wa Ditcheat m'cigawo ca Somerset. Amene anali kumkwera nthawi zambiri ndi Ruby Walsh wa ku Ireland. Mpikisano wa King George VI Chase, umene ucitika pa Kempton Park tsiku lotsata Khrisimasi, wa mamailo 3 ndi mipanda 18, anaupambana zaka zinai zotsatana, kuyambira 2006 kufikira 2009. Cikho cacikuru ca Cheltenham Gold Cup, cimene alimbirana m'mwezi wa March polumpha mipanda 22, anacitenga mu 2007. Mu 2008 anamlanda Denman, mnzace wa khola limodzi, koma mu 2009 anacitenganso, nakhala kavalo woyamba kubwezera cikhoco atacitaya.

Tsono zinthu zinayamba kutembenuka. Pa Gold Cup ya 2010 anagwa koopsa pa mpanda wacinai kucokera ku mapeto. King George ya caka cimeneco inacedwa cifukwa ca cisanu, nicitika mu January 2011, ndipo iye anafika wacitatu, wopambana nakhala Long Run, kavalo wa zaka 6 zokha. Atatha mpikisanowo anaona mwazi m'mphuno mwace. Mu March, pa Gold Cup, anafikanso wacitatu, Long Run yemweyo ali patsogolo. Mu May anamka naye ku Punchestown, ku Ireland, ndipo kumeneko Walsh anamuimitsa pa njira asanatsirize nkomwe. Apa anali ndi zaka 11, ndipo olemba nkhani ndi oonerera ambiri anati zakwanira, nkhalambayo aisiye ikapumule.

Anthu amenewa sanali kulankhula mwa cifundo cokha, anali ndi zifukwa zomveka. Kavalo akamakula mitsempha ya m'miyendo yace siinyumphukanso ngati kale, ndipo liwiro licepa. Kucepa kwa liwiro pa bwalo losalala kungocititsa manyazi, koma pa mipanda kutha kupha. Kavalo wotopa alumpha mocedwa kapena mofupika, nagunda mpanda ndi cifuwa, nagubuduka pamodzi ndi womkwera. Mwendo wa kavalo ukathyoka kawirikawiri sucizika, pakuti nyama yolemera pafupifupi makilogalamu 500 siingathe kuima ndi miyendo itatu miyezi yambiri, ndiponso siingagone pansi nthawi yaitali monga acitira munthu m'cipatala. Mathero ace amupha kuti asabvutike. Ambiri anali kukumbukiranso Best Mate, amene anatenga Gold Cup katatu, mu 2002, 2003 ndi 2004. Iyeyu mtsempha wa mwazi unamphulikira pokonzekera cikho ca 2005, ndipo m'mwezi wa November caka comweco, tsiku limene anabwerera ku mpikisano pa Exeter, anagwa nafa pamaso pa anthu, ali ndi zaka 10. Akulu akale anati ng'oma yolira siicedwa kung'ambika.

Nicholls ndi Smith sanatsate uphungu umenewu. Anampumitsa kavalo wao miyezi ya dzinja la kwao lofunda, namkonzanso pang'onopang'ono. Mu November 2011, pa Haydock, pa mpikisano wa Betfair Chase, Kauto Star anathamanga patsogolo, nalumpha mipanda ngati mwana, namsiya Long Run ndi mtunda wa kutalika kwa akavalo 8. Pa 26 December anamgonjetsanso pa Kempton, natenga King George kacisanu, cinthu cimene kavalo wina aliyense anali asanacite. Desert Orchid, kavalo woyera wochuka uja, anaupambana kanai. Poyesa kacisanu mu 1991, ali ndi zaka 12, anagwa, ndipo eni ace anampumitsa pomwepo. Anakhala ndi moyo kufikira 2006.

Kodi tinene kuti aja ofuna kuti apumule anasokera? Ine sinditero. Cimene cinacitika pa Kempton cingotionetsa kuti mu 2011 kavaloyo mphamvu zinali zikadalimo. Sicitionetsa kuti ngozi panalibe. Munthu akaoloka mtsinje wa ng'ona nafika tsidya bwinobwino, sitinena kuti m'madzimo mulibe ng'ona. Mpanda umodzi wokha akadaulakwa tsiku lija, anthu omwe anali kuponya zipewa m'mwamba akadamnena Nicholls kuti ngwankhanza.

Kumene kuli bvuto lenileni nkwakuti kufooka kuli ndi magwero awiri amene aoneka cimodzimodzi kwa munthu wokhala pa mpando wa oonerera. Kavalo atha kutsalira cifukwa wadwala, wapweteka msana, kapena wathamangitsidwa kambiri osapuma, ndipo zimenezi zicizika. Athanso kutsalira cifukwa ca ukalamba, ndipo ukalamba ulibe mankhwala. Amene angasiyanitse ziwirizi ndi okhala naye tsiku ndi tsiku: sing'anga wa ziweto amene ayesa mwazi wace ndi kuyang'ana m'njira ya mpweya, womsamala m'khola amene adziwa ngati watsiriza cakudya cace, ndi womkwera m'mawa amene amva m'manja mwace ngati kavalo akoka yekha kufuna kuthamanga kapena acita kumkankha. Cobvutitsa ncakuti anthu omwewa ndiwo apindula kavalo akathamanga, ena ndalama, ena mbiri. Oonerera alibe phindu lotere, koma alibenso cidziwitso. Kavalo mwini wace, amene khosi lace ndilo liri pa ngozi, safunsidwa.

Kwa ine cimene ciyenera kuyang'anidwa koposa nambala ya zaka, koposanso malo amene wafika, ndi kalumphidwe. Kavalo amene afika wacitatu pa Gold Cup, atalumpha mipanda yonse 22, sanathe nchito, wangopeza anzace omposa. Koma amene ayamba kugunda mipanda imene kale anali kuidutsa osaikhudza, kapena amene womkwera amuimitsa kawiri katatu popanda nthenda yooneka, ameneyo wanena kale mau ace.

Kwa Kauto Star tsiku lotere silinacedwe. Mu February 2012 anagwa pophunzira kulumpha kwao ku Ditcheat. Anamka nayebe ku Gold Cup mu March, koma Walsh, pomva kuti sali bwino, anamuimitsa asanafike pakati pa ulendo. Sanathamangenso, ndipo mu October 2012 analengeza kuti wapumula, atapambana mipikisano 23 mwa 41.

Kupumulako nakonso kunabala mkangano. Nicholls anafuna kuti kavaloyo atsale pa khola limene analizolowera, koma Smith anamcotsa nampereka kwa Laura Collett kuti amphunzitse dressage, ndiko kuyenda ndi kutembenuka mwa dongosolo momvera womkwera, popanda liwiro kapena mipanda. Mu June 2015 Kauto Star anabvulala ali m'busa lace lochingidwa, kumene kunalibe mpikisano kapena womthamangitsa. Mafupa a m'ciuno ndi a m'khosi anathyoka, ndipo asing'anga a ziweto atalephera kumciza anamupha, ali ndi zaka 15.