Phunziro: Kufotokoza Matenda Athu kwa Adokotala

Amayi, ambirife timalawirira kuchipatala kusanache, n'kukhala pamzere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Koma tikalowa, adokotala n'kufunsa kuti, "Chavuta n'chiyani mayi?" timangoti, "M'thupi monsemu mukuphwanya." Amatipatsa panado, ife n'kubwerera kunyumba ndi matenda omwe tinapita nawo aja. Adokotala saombeza ula ayi. Amayambira pa zimene tawauza.

Nthawi ya m'chipindamo ndi yochepa, choncho yambani ndi chachikulu chimene chakuchotsani pakhomo. Lozani pamene pakupweteka, ndipo nenani nthawi imene zinayamba. "Kalekale" si yankho. Nenani kuti masabata atatu, kapena kuyambira nthawi yokolola.

Chimene chimatitseka pakamwa kwenikweni ndi manyazi, makamaka adokotalawo akakhala a msinkhu wa mwana wathu. Mayi amene anasiya kusamba koma wayambanso kuona magazi, kapena amene amataya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, kapena akutuluka chikazi chonunkha, amangodandaula za msana, chenichenicho n'kuchibisa. Komatu zimenezi zikhoza kukhala zizindikiro za khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse. Ikapezeka msanga imachizika, ndipo kuyeza kwake, kopaka viniga pa khomolo, n'kwa mphindi zochepa. Ngati mawu akukanika kutuluka, pemphani namwino wachizimayi, kapena lowani ndi mnzanu wapamtima.

Musabisenso mankhwala amene mwamwa kale, kaya ogula pagolosale, kaya azitsamba. Mayi woyembekezera amene wamwa mwanamphepo aulule, ngakhale akuopa kukalipiridwa, chifukwa mankhwalawa angalimbitse matenda mpaka chiberekero kung'ambika. Tengani buku lanu la kuchipatala, osati la mnzanu, pamodzi ndi mapaketi a mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV amene mumamwa.

Musanatuluke funsani dzina la matendawo, kamwedwe ka mankhwala, ndi tsiku lobweranso. Safunsa adadya phula. Kenaka bwerezani mwa mawu anuanu kuti adokotala akukonzeni ngati mwamva molakwa: "Ndiye kuti LA ameneyu ndimwe kawiri patsiku kwa masiku atatu, nditadya, ngakhale malungo atatha mawa?"

Pokumana sabata ino, khalani awiriawiri. Wina akhale dokotala, wina afotokoze vuto lake m'mphindi ziwiri, kenaka musinthane.